Nyumba ya bowa mu Okutobala: kutentha, chinyezi ndi mpweya

Mlimi wakale kwambiri wa bowa ku Songani si munthu ayi, ndi chiswe. M'kati mwa chulu chimene mumachidutsa popita kusukulu muli dimba. Chiswe chimatuta tizidutswa ta udzu ndi timitengo touma, chimatafuna, kenako chimaumba tizisa tokhala ngati siponji. Pa tizisa timeneti pamamera ulusi woyera wa bowa, ndipo chiswecho chimadya pomwepo. Utale umene umafika pamsika mvula ikagwa ndi chipatso cha dimba la pansi limeneli.

Chodabwitsa n'chakuti kunja kutenthe bwanji, kuzizire bwanji, m'dimba la chiswe kutentha kumakhala pafupi ndi madigiri 30 usana ndi usiku, ndipo mpweya wake umakhala wodzaza chinyezi. Mulibe fani, mulibe magetsi a ESCOM. Katswiri wina wojambula mapulani a nyumba, Mick Pearce, anatengera nzeru za chulu pomanga nyumba yaikulu ya Eastgate ku Harare, imene inatsegulidwa mu 1996.

Masiku ano anthu nawonso akulima bowa m'nyumba, makamaka wamtundu wa oyster. Safuna munda waukulu. Amamera pa mapesi a chimanga kapena a mpunga, ndipo kuno mpunga ulipo wambiri kuchokera ku sikimu za Domasi ndi Likangala. Kanyumba kamodzi kakhoza kuthandiza banja kupeza ndiwo ndi ndalama ya fizi. Koma kanyumba komweko kakhozanso kumeza ndalama yonse ya mbewu m'sabata imodzi yotentha. Tsono lero tiyeni tione sayansi imene ili kumbuyo kwake. Mfundo yanga ndi imodzi basi: kutentha, chinyezi ndi mpweya zili ngati mafuwa atatu. Mukasuntha limodzi, mphika umapendekeka, ndiye muyenera kukhudzanso enawo.

Kodi bowa amafuna chiyani?

Choyamba, iwalani zoti bowa ndi chomera ngati chimanga. Alibe masamba obiriwira ndipo sapanga chakudya chake ndi dzuwa. Amagaya mapesi, amapuma okosijeni n'kutulutsa carbon dioxide, monga momwe timachitira ine ndi inu. Thupi lake lenileni ndi ulusi woyera uja, umene mu Biology timautcha mycelium. Chimene timathyola n'kuphika ndi chipatso chabe.

Moyo wake m'nyumba uli ndi magawo awiri. Gawo loyamba, mlimi amaphika mapesi ndi nthunzi mu diramu kuti aphe tizilombo, amawaziziritsa, amasakaniza ndi mbewu ya bowa, n'kulongedza m'majumbo. Kwa masabata atatu kapena anayi ulusi umayanga m'jumbo monse mpaka kuyera. Nthawi imeneyi umakonda mdima ndi kutentha kwa madigiri pafupifupi 25. Kukapitirira madigiri 35 m'kati mwa jumbo, ulusi umafooka, mwinanso kufa kumene.

Gawo lachiwiri, majumbo amaboolaboola, timitu ta bowa n'kuyamba kutuluka. Apa ndi pamene pali ntchito. Mitundu ya oyster imene imalimidwa kumadera otentha imabala bwino pakati pa madigiri 20 ndi 28, pa chinyezi cha 85 mpaka 95 peresenti, pa kuwala pang'ono kokwanira kuwerenga nyuzipepala, komanso pa mpweya watsopano wolowa ndi kutuluka.

Bwanji chinyezi chambiri chonchi? Mukayeza bowa wamuwisi wa kilogalamu imodzi, pafupifupi magalamu 900 ndi madzi. Tsamba la mango lili ndi chikutu chonga phula chotchinga madzi, ndiponso timabowo timene limatha kutseka dzuwa likaswa mtengo. Bowa alibe zimenezo. Kamutu kakang'ono ngati ka machesi kakakumana ndi mpweya wouma kwa maola ochepa, kamafota, kamachita chikasu, basi nkhani yathera pomwepo.

Chinyezi n'chiyani kwenikweni?

Ndikafunsa funso ili m'kalasi, ambiri amayankha kuti chinyezi ndi madzi amene ali mu mpweya. Yankho limeneli ndi theka chabe. Tiyeni tipite pang'onopang'ono.

Mu mpweya muli nthunzi ya madzi yosaoneka ndi maso. Koma pali malire a nthunzi imene ingakhalemo, ndipo malirewo amadalira kutentha. Kukatentha, tizigawo ta madzi timakhala ndi mphamvu yambiri yothamanga, ndiye tambiri timatha kukhala ngati nthunzi osabwerera kukhala madontho. Tiyerekeze bokosi la mita imodzi m'litali, mita imodzi m'lifupi, mita imodzi msinkhu. Imeneyo ndi kyubiki mita imodzi. Nthunzi yodzaza bokosi limeneli ndi iyi:

Pa madigiri 10: magalamu pafupifupi 9
Pa madigiri 15: magalamu pafupifupi 13
Pa madigiri 20: magalamu pafupifupi 17
Pa madigiri 25: magalamu pafupifupi 23
Pa madigiri 30: magalamu pafupifupi 30
Pa madigiri 35: magalamu pafupifupi 40

Mwaona? Kutentha kukakwera ndi madigiri 10, malo a nthunzi amatsala pang'ono kuwirikiza kawiri.

Tsono tikamati chinyezi chili pa 90 peresenti, sitikunena kuchuluka kwa madzi ayi. Tikunena kuti bokosi ladzaza motani poyerekeza ndi malire ake pa kutentha kumeneko. M'buku lanu la Geography amalemba kuti relative humidity. Masamu ake ndi ophweka: nthunzi imene ilipo, kugawa ndi nthunzi yodzaza, kuchulukitsa ndi 100.

Ganizirani minibasi ya pa msewu wa Zomba kupita ku Liwonde. Anthu 15 m'minibasi ya mipando 17, kondakitala saitaniranso kwambiri, yatsala pang'ono kudzaza. Anthu 15 omwewo muwasamutsire m'basi ya mipando 30, kondakitala ayamba kukuwa pa siteji iliyonse kufuna okwera. Mpweya wotentha ndi basi ya mipando yambiri yopanda anthu. Umakoka madzi paliponse pamene ungawapeze: pa zovala zili pachingwe, pa matemba ali pathandala, pa milomo yanu, ndi pa bowa wanu.

Masamu a kanyumba kathu

Tiyerekeze kuti kalabu ya zaulimi ya pasukulu panu yamanga kanyumba ka mamita 4 m'litali, mamita 3 m'lifupi, mamita 2.5 msinkhu. Mpweya wa m'katimo ndi makyubiki mita 30.

M'mawa wina mu Okutobala, nthawi ya 6 koloko, m'nyumbamo muli madigiri 20, ndipo kyubiki mita iliyonse ili ndi magalamu 15 a nthunzi. Chinyezi ndi 15 kugawa ndi 17, kuchulukitsa ndi 100, yankho n'kukhala pafupifupi 88 peresenti. Bowa akusangalala. Wosamalira atseka chitseko, ulendo ku kalasi.

Pofika 1 koloko masana m'nyumbamo mwafika madigiri 30. Palibe watsegula chitseko, palibe dontho lathawa. Magalamu akadali 15 omwe aja. Koma tsopano chinyezi ndi 15 kugawa ndi 30, ndiye kuti 50 peresenti. Madzi sanachepe, koma nyumba yauma! Apa ndi pamene alimi ambiri amasokonekera. Amati, "Aaa, ine ndinathirira m'mawa, ndinatsekanso bwinobwino." N'zoona anathirira. Chimene chasintha ndi kutentha, ndipo fuwa limodzi likasuntha, linzake lasunthanso.

Kuti tibwezere chinyezi pa 90 peresenti nyumba ikadali pa madigiri 30, kyubiki mita iliyonse ikufuna magalamu 27. Tikusowa 12. Kuchulukitsa ndi 30, ndi magalamu 360, makapu awiri a tiyi osadzaza. Zikuoneka zochepa, eti? Dikirani. Mpweya wa m'nyumba ya bowa umayenera kusinthidwa kawirikawiri. Tinene kuti ukusinthika kanayi pa ola kwa maola 6 otentha, ndipo wolowawo uli ndi magalamu 15 omwe aja. Ndiye kuti magalamu 360 kuchulukitsa ndi 24, malita oposa 8, pafupifupi theka la ndowa ya malita 20. Ndipo madzi amenewa ayenera kusanduka nthunzi, osati kungoyenderera pansi.

Nzeru ya mtsuko

Mwayi wake, pali njira yachidule, ndipo agogo anu akuidziwa kale. Bwanji madzi a mumtsuko amazizira kuposa a m'chigubu cha pulasitiki, pamene zonse zili pakhonde limodzi? Mtsuko wadothi uli ndi timabowo tating'onoting'ono. Madzi amachucha pang'onopang'ono kufika kunja, amasanduka nthunzi, ndipo posanduka nthunzi amatenga kutentha kwa mtsukowo n'kupita nako. Thukuta limachitanso chimodzimodzi pakhungu lanu. Ku Nigeria, mphunzitsi wina dzina lake Mohammed Bah Abba anafalitsa njira yoika mphika m'kati mwa mphika unzake, pakati n'kuthirapo mchenga wonyowa, kuti tomato ndi masamba zisawonongeke msanga. Sayansi yake ndi yomweyi.

Mphamvu imene madzi amatenga ndi yaikulu zedi. Timaiyeza mu ma kilojoule, amene timalemba kJ. Kutenthetsa lita imodzi ya madzi kuchoka pa madigiri 25 kufika powira pamafunika 315 kJ. Koma kuti lita yomweyo isanduke nthunzi pa kutentha kwa m'nyumba, imameza pafupifupi 2,400 kJ, kuposa kasanu ndi kawiri. Mu Physics mphamvu yobisika imeneyi ndi imene mumaitcha latent heat.

Tsono tibwerere ku kanyumba kaja. Mpweya wa makyubiki mita 30 umalemera makilogalamu pafupifupi 36, ndipo kuuziziritsa ndi digiri imodzi kumafuna kuchotsamo 36 kJ. Magalamu 100 a madzi akasanduka nthunzi amameza 240 kJ. Gawani 240 ndi 36, mupeza madigiri pafupifupi 7. Mpweya watsika kuchoka pa 30 kufika pa 23. Nanga chinyezi? Magalamu 100 aja awonjezera magalamu 3 ndi pang'ono pa kyubiki mita iliyonse, ndiye tili pa 18 ndi pang'ono. Pa madigiri 23 bokosi limadzaza ndi magalamu 20 ndi theka. Chinyezi chafika pafupi ndi 90 peresenti.

Taonani bwino apa. Poyamba timafuna magalamu 360. Tsopano magalamu 100 okha akwanira. Chifukwa chake n'chakuti nthunzi yagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi: yawonjezera okwera, yachepetsanso mipando. Koma masamu okomawa amagwira ntchito pokhapokha ngati kutentha kwina sikukulowa kuchokera kunja. Ndiye tiyeni tikweze maso.

Yambani ndi denga

Songani ili pafupi ndi madigiri 15 kum'mwera kwa equator. Kumayambiriro kwa Novembala dzuwa la masana limadutsa pamutu penipeni, chithunzithunzi chanu n'kubisala pansi pa mapazi. Nthawi imeneyo, kukakhala kopanda mitambo, sikweya mita iliyonse ya denga imalandira mphamvu yofika pafupifupi mawati 1,000. Denga la kanyumba kathu ndi masikweya mita 12, ndiye kuti mawati 12,000, ngati maketulo amagetsi asanu ndi imodzi akuwira pamwamba pa bowa wanu.

Sikuti kutentha konseko kumalowa. Koma ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi litalowa, ndi 4,320 kJ pa ola. Kuti muthane nako ndi madzi okha, pafunika malita pafupifupi awiri osanduka nthunzi ola lililonse. Ndinaonapo gulu lina la achinyamata litamanga kanyumba kokongola ka njerwa zootcha, n'kufolera ndi malata atsopano onyezimira chifukwa amafuna kuti kaoneke kamakono. Anatunga madzi mpaka mapewa kuphwanya, koma bowa wa mu Okutobala anafota yense. Oyandikana nawo, a kanyumba ka udzu kooneka ngati khola la mbuzi, anali kukolola.

Lata ndi chitsulo chopyapyala, chimadutsitsa kutentha mosavuta, kenako chimakuwalitsira pansi ngati mbaula yozondoka. Udzu wofolera mochindikala uli ndi timipata tambirimbiri todzaza mpweya wosayenda, ndipo mpweya wosayenda sudutsitsa kutentha msanga. Ngati malata alipo kale, yalani udzu pamwamba pake, kapena mangani siling'i ya mphasa pansi pake n'kusiya mpata woti mpweya wotentha uzitulukira m'mbali. Kupaka laimu woyera kumathandizanso kubweza kuwala. Mangani pansi pa mtengo wa mango ngati ulipo. Makoma afupiafupi ndi amene ayang'ane kotulukira ndi kolowera dzuwa, ndipo kumbali ya phiri, kumene dzuwa la madzulo limawomba lisanabisale, bzalani nthochi zitchinge.

Musaiwalenso kuti kutentha kwina kumachokera m'kati momwemo. Ulusi wa bowa ukamagaya mapesi umatulutsa mphamvu, monga mulu wa manyowa umafundira pakati. Pakati pa jumbo pamatha kutentha madigiri angapo kuposa mpweya wa m'nyumba. Choncho musaunjike majumbo ngati matumba a chimanga ku ADMARC. Siyani mpata wolowa dzanja pakati pa jumbo ndi linzake.

Fuwa lachitatu: mpweya

Wina anena kuti, "Ndiye bwanji osangomata nyumba yonse ndi pulasitiki, chinyezi chisathawe?" Funso labwino. Vuto ndi lakuti bowa akupuma. Mpweya wa panja uli ndi carbon dioxide pafupifupi magawo 420 pa miliyoni. Oyster pobala amafuna kuti asapitirire kwambiri magawo 1,000 pa miliyoni. M'nyumba yomata yodzaza majumbo, malire amenewa amadutsidwa msanga. Zikatero bowa amatalika miyendo, zipewa n'kukhala ting'onoting'ono. Akuchita ngati akadali m'kati mwa chipika chowola, ndiye akusolola khosi kufunafuna panja. Wogula pamsika amafuna chipewa, osati mwendo wolimba ngati chingwe.

Ndiye tili pakati: mukatseka, bowa abanika, mukatsegula, auma. Yankho ndi kulowetsa mpweya, koma kuunyowetsa ukamalowa. Boolani mawindo ang'onoang'ono m'munsi mwa khoma la kumene kumachokera mphepo, ndi ena m'mwamba mwa khoma linalo. Mpweya wotentha ndi wopepuka, umakwera n'kutulukira m'mwamba, ndipo umakoka watsopano kulowera m'munsi. Pa mawindo a m'munsi pachikani ziguduli zonyowa, nsonga yake itaviikidwa m'beseni la madzi kuti zizikoka madzi ngati chingwe cha koloboyi. Mpweya wouma ukamadutsa pa chiguduli umazizira n'kutenga chinyezi usanafike pa bowa. Pansi yalani mchenga wa kumtsinje wochindikala n'kumauthirira. Mchenga uli ndi malo ambiri otulukirapo nthunzi kuposa simenti yosalala.

Mawindo onse atchingidwe ndi waya wa gozi kuti ntchentche zisalowe kudzaikira mazira. Neti ya udzudzu ayi. Ili ndi mankhwala, ndipo ntchito yake ndi kukutetezani ku malungo usiku.

Pothirira, waza mpweya, makoma ndi pansi ndi sipuleya yotulutsa timadontho tosalala ngati nkhungu ya pa phiri la Zomba. Musakhuthulire madzi pa bowa. Sipuleyayo ikhale yatsopano, yosagwirapo mankhwala a thonje kapena tomato. Samalaninso ndi madzi. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, imawataya kudzera mu nthunzi, mchere n'kumatsalira. N'chifukwa chake madzi ake ndi amchere pang'ono, ndipo n'chifukwa chake inauma mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018 mvula itavuta. Zitsime zina za kufupi ndi nyanja nazo ndi zamchere. Chimene chimachitika m'nyanja chimachitikanso pa chiguduli chanu: madzi amapita, mchere umatsala. Gwiritsani ntchito madzi abwino akumwa, ndipo muzichapa ziguduli kawirikawiri.

Nyengo zitatu, machitidwe atatu

Malangizo akuti "thirirani katatu pa tsiku" ndi osavuta kuloweza, koma nyengo siiwerenga malangizo. Ngakhale malo amasiyana. Nsonga za phiri la Zomba zimapitirira mamita 2,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Chilwa ili pa mamita 600 ndi pang'ono. Mpweya umazizira madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 aliwonse okwera. Ndiye zimene zikuyenda kwa mlimi wa ku Ku Chawe sizingangokoperedwa ndi mlimi wa ku Kachulu.

Kuyambira Seputembala mpaka mvula isanagwe, mpweya ndi wotentha komanso wouma. Iyi ndi nyengo yoopsa kwambiri, koma ndi nyengonso imene nzeru ya mtsuko imagwira ntchito bwino koposa, chifukwa mpweya uli ndi ludzu. Ziguduli zisaume kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo. Tsegulani kwambiri usiku ndi m'bandakucha kuti makoma azizire, masana muchepetse.

M'dzinja, makamaka Januwale ndi Febuluwale, zinthu zimatembenuka. Mpweya wa panja umakhala utadzaza kale, ndiye chiguduli chonyowa sichiziziritsa kwenikweni, monga momwe zovala zimakanira kuuma pachingwe. Apa akuluakulu amati walira mvula walira matope. Madzi akakhalitsa pa chipewa cha bowa, mabakiteriya amayambitsa mawanga achikasu kapena ofiirira oterera. M'majumbo ofunda ndi onyowa kwambiri mumabuka chuku chobiriwira chotchedwa Trichoderma, chimene chimalanda chakudya n'kupha ulusi wa bowa. Jumbo lotere litulutseni msanga, mukalikwirire kutali. M'nyengo imeneyi chepetsani kuthirira, onjezani mpweya. Bowa amafunanso kutaya madzi pang'ono kuti ena akwere kuchokera m'jumbo ndi chakudya. N'chifukwa chake sitifuna 100 peresenti tsiku lonse.

Mu Juni ndi Julayi vuto ndi usiku. Kutentha kukatsika, mipando imachepa, okwera ena amatsitsidwa. Amenewo ndi mame. Mudzaona madontho akulendewera kudenga n'kumagwera pa bowa. Choncho musathirire madzulo, ndipo tsekani mawindo ena dzuwa likamalowa, koma osati onse. Masiku a chiperoni mwina simuthirira n'komwe. Ndipo chonde, musalowetse mbaula ya makala kuti mufunditse nyumba. Imadya okosijeni, imawonjezera carbon dioxide, ndipo imatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo umene umapha munthu m'chipinda chotseka.

Pangani choyezera chanu

Khungu limanama, ndiye tiyeni tiyeze. Pemphani aphunzitsi a sayansi matemomita awiri ofanana. Amangirireni pa kabolodi moyandikana. Kumutu kwa imodzi kulungani kansalu ka thonje koyera, nsonga yake ilowe m'kabotolo ka madzi. Inayo isiyeni youma. Kupizani ndi katoni kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, kenako werengani zonse.

Yonyowayo iwerenga motsika chifukwa madzi akusanduka nthunzi n'kuiziziritsa. Mpweya ukakhala wouma kwambiri, kusiyana kumakula. Youma ikamawerenga madigiri pafupifupi 25, tanthauzo lake ndi ili:

Kusiyana kwa digiri 1: chinyezi pafupifupi 92 peresenti
Kusiyana kwa madigiri 2: pafupifupi 84 peresenti
Kusiyana kwa madigiri 3: pafupifupi 77 peresenti
Kusiyana kwa madigiri 5: pafupifupi 63 peresenti

Lamulo la pamtima ndi ili: bowa akamabala, kusiyana kukhale pakati pa digiri imodzi ndi madigiri awiri. Kukapitirira atatu, nyowetsani ziguduli. Kukakhala ziro tsiku lonse, tsegulani mawindo, pokhapokha ngati kansalu kauma, chifukwa nako kamapereka ziro wabodza.

Temomita yonyowa ikuuzaninso chinsinsi china. Tulukani nayo panja pamthunzi masana. Nambala imene iwerenge ndi malire a kuzizira kumene madzi angakupatseni tsiku limenelo. Ikawerenga 22, chiguduli chabwino bwanji sichingatsitse mpweya kupitirira 22. Ikawerenga 27 tsiku lachithukuthuku la m'dzinja, dziwani kuti kuthira madzi ena n'kungotaya mphamvu. Chotsala ndi mthunzi ndi mphepo.

Bowa nayenso amalankhula, ngati mukudziwa kumva. Timitu touma tachikasu, kapena zipewa zong'aluka m'mphepete: mpweya wauma. Miyendo itali, zipewa zazing'ono: mpweya watsopano ukuchepa, mwinanso kuwala. Zipewa zoterera zamawanga: madzi achuluka. Ulusi wasiya kuyanga ndipo jumbo likufunda m'manja: kwatentha. Chenjezo lina ndi la inu eni. Oyster wokhwima amatulutsa fumbi la njere zake losaoneka bwino, ndipo anthu ena limawatsokomoletsa. Kololani zipewa zisanatambasuke kwathunthu, ndipo valani chotchinga pakamwa ndi mphuno mukamakhalitsa m'nyumbamo. Mbewu gulani kwa odziwa kudzera kwa alangizi a zaulimi. Musayese kubzala bowa wa m'tchire amene simukumudziwa.

Ntchito ya sabata ino

Simukufunika kukhala ndi bowa kuti muyambe. Tengani choyezera chanu, muyeze malo atatu: m'kalasi ya malata, m'nyumba ya udzu, ndi pansi pa mtengo. Yezani 7 koloko m'mawa, 1 koloko masana ndi 5 koloko madzulo kwa masiku asanu, mulembe mu tebulo, mujambule girafu. Kenako pachikani chiguduli chonyowa pa windo limodzi muone ngati manambala asintha.

Yesaninso mafunso awa. Loyamba: mpweya wa madigiri 25 uli ndi magalamu 11.5 a nthunzi pa kyubiki mita. Chinyezi chake ndi peresenti zingati? Lachiwiri: madzulo ena mu Juni kanyumba kathu ka makyubiki mita 30 kali ndi magalamu 17 pa kyubiki mita, ndipo usiku kutentha kwatsika kufika pa madigiri 15. Ndi magalamu angati a mame amene apangike m'nyumba yonse? Lachitatu, la kukambirana pagulu: kalabu yanu ili ndi ndalama yokwanira chinthu chimodzi chokha, sipuleya yatsopano kapena mitolo ya udzu wofolera pamwamba pa malata. Mugula chiti? Musangoyankha ndi pakamwa. Onetsani masamu ake.